NYALI ZOTHOBWA M'MASO PA MSEU WA DEDZA

Nyengo ya cisanu ikafika pa mapiri a Dedza, nkhani imene imamveka kawiri-kawiri m'maofesi a pa Boma, m'zipinda zopumuliramo aphunzitsi ndi pa malo okwerera mabasi ndi ya nyali za galimoto. Anthu oyenda usiku pa mseu waukulu wa M1 alikudandaula kuti magalimoto ambiri masiku ano ali ndi nyali zoyera mbee, zina zooneka ngati zabuluu, zimene zikamuomba munthu m'maso amakhala ngati waphimbidwa ndi nsalu. Eni magalimoto otero naonso ali ndi dandaulo lao. Akuti anagula mababu ao poyera m'sitolo, ndi ndalama zao, pofuna kuona bwino pa mseu wamdima, tsono sakumvetsa cifukwa cimene apolisi a pa mseu amawaimikira ndi kuwafunsa za nyalizo. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mau omveka, ndipo popeza ambiri mwa ogula magalimoto ogwirapo kale nchito ndi anchito a Boma ndi aphunzitsi, nkoyenera kuti nkhaniyi iunikidwe mofatsa.

Coyamba ndico kudziwa mseuwo. Tauni ya Dedza iri pa mtunda wa makilomita ngati 85 kucokera ku Lilongwe, ndipo inakhala pamwamba kuposa matauni ena onse a m'dziko muno, pafupi-fupi mamita 1,600 kucokera pa nyanja yamcere. Munthu wocokera ku Lilongwe akwera mamita oposa 500 asanafike pa Boma la Dedza, ndipo mseu sukwera moongoka, koma mwa zitunda, mitsetse ndi makhota, kudutsa pa Chimbiya ndi pa Linthipe. Kupitirira apo, kulinga ku Ntcheu, mseu uyenda m'malire a Mozambique, kotero kuti pa Lizulu munthu akadumpha phula ali m'dziko lina. Pa cipata ca m'malire ca Dedza palowa malole akulu-akulu ocokera ku Tete ndi ku doko la Beira. M'minda ya ku Bembeke mucokera magalimoto odzaza ndi kacewere, kabichi ndi matimati, ndipo ambiri a iwo ayenda usiku kuti akafike ku misika ya m'mizinda m'mamawa. M'mwezi wa June dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5.30 madzulo, ndiye kuti kalaliki kapena mphunzitsi amene anapita ku Lilongwe kukalondola za malipiro ace, akanyamuka maofesi atatsekedwa, adzafika kwao mumdima. Pamwamba pa izo pali nkhungu, imene pa mapiri amenewa imatsika mosapempha.

Pa mseu wa zitunda cotere ngakhale nyali yabwino imabvutitsa. Galimoto ikamakwera citunda mphuno yace imaloza kumwamba, ndipo kuwala kumene pa malo athyathyathya kukanagwa pa phula kumapita m'maso mwa amene alikubwera kuseri kwa citundaco. Cimodzi-modzinso galimoto yolemedwa: matumba a kacewere akapanikiza matayala a m'mbuyo, kutsogolo kumanyamuka, nyali nkuyang'ana m'mwamba ngati nkhuku ikumwa madzi. Ngati izi zicitika ndi nyali zimene galimoto inabadwa nazo, nanga kuli bwanji ndi zoikirira, zimene kuwala kwace kumwazika kale?

Koma sikungakhale cilungamo kunena kuti onse osintha mababu acita cibwana kapena matama. Magalimoto ambiri a m'dziko muno anagwira nchito ku Japan zaka zingapo asanatsike pa doko la Dar es Salaam kapena la Durban, ndipo magalasi a nyali zao ndi a pulasitiki, amene dzuwa la kuno limawaocha kufikira asanduka acikasu ndi ambuu. Nyali yotere imaunika ngati koloboyi. Ndipo mseu umene iyenera kuunika uli ndi anthu apansi obvala majekete akuda, njinga zakapalasa zopanda nyali, akabaza, ngolo za ng'ombe zopanda conyezimira ciri conse, mbuzi, ndi lole yofera pa mseu imene cizindikiro cace ndi nthambi za mtengo zoyalidwa pa phula. Dalaivala amene anatsala pang'ono kugunda ngolo usiku wina, m'mawa mwace akauzidwa ndi wogulitsa zipangizo kuti pali babu yowala kuposa yace katatu, yochipa, yolowa m'malo omwewo popanda kudula waya, sadzafunsa zambiri.

Babu si nyali

Anthu ambiri amayesa kuti nyali ya galimoto ndi babu basi, monga ya m'nyumba. Si tero ai. Nyali iri ndi zigawo zitatu zimene zinapangidwira pamodzi: babu, mbale yonyezimira ya kumbuyo kwace, ndi galasi la kutsogolo. M'kati mwa babu ya halogen muli kawaya kopota-pota kotalika mamilimita owerengeka okha, ndipo amisiri anaumba mbaleyo moyeza kuti kuwala kocokera pa kawayako, osati pena pali ponse, kutoleredwe ndi kuponyedwa pa mseu. Kawayako kakasuntha ngakhale milimita imodzi kapena awiri, kuwala kumapita kwina.

Bvuto la kuthobwana m'maso si la lero. Kale m'zaka za m'ma 1920 opanga mababu ku Ulaya anaika tiwaya tiwiri m'babu imodzi, kena kounikira patali, kena kounikira pafupi pokumana ndi galimoto ina, zimene madalaivala a kuno amazichula fulu ndi dimu. Ca m'ma 1957 anaonjeza nzeru ina. Dimu inapatsidwa malire, kuti kuwala kuthere pa mzere wooneka bwino, pamwamba pace pakhale mdima, ndipo mzerewo ukhale wotsika ku mbali yocokera magalimoto okumana nao koma wokwera ku mbali ya m'mphepete kumene kuyenda anthu apansi. Babu ya halogen inayamba mu 1962, ndipo ya mtundu wa H4, imene iri m'maminibasi ndi m'mapikapu ambiri, inatuluka mu 1971. Iri ndi mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu, ndipo pansi pa kawaya ka dimu pali kacitsulo konga supuni kamene nchito yace ndi kuchinga kuwala kuti kusakwere m'maso mwa anthu.

Pano dziko lino liri ndi mwai. M'Malawi magalimoto ayenda kumanzere kwa mseu, monganso ku Mozambique, Zambia, Tanzania, South Africa ndi Japan, tsono nyali za galimoto yocokera ku Japan zinapangidwa kale kuti zitsike ku dzanja lamanja ndi kukwera ku lamanzere. Koma nyali yathunthu yopangidwira maiko oyenda kumanja, monga Germany, imacita mosemphana: imaunika m'maso mwa wokumana naye, nkusiya mumdima munthu woyenda m'mphepete. Mwini wace angathe kulumbira kuti sanasinthe babu, ndipo adzakhala akunena zoona, komabe nyali zace siziri zoyenera pa mseu wa kuno.

Nyali za xenon, zimene ziribe kawaya koma zimayaka ndi mphaliwali ya magetsi yodumpha m'kati mwa mpweya, zinayamba kuoneka pa magalimoto a BMW mu 1991. Za LED zinafika pa nyali za kutsogolo mu 2007, pa galimoto ya Lexus. Zonsezi ziribe colakwa pa zokha. Zikabwera ndi galimoto kucokera ku fakitale zimakhala m'nyumba yozipangira dala, imene imadula kuwala pa mzere woyenera, ndipo zimaunika bwino koposa halogen. Bvuto liyamba pamene babu ya xenon kapena ya LED ilowetsedwa m'mbale imene inaumbidwira kawaya. Kuwala kwa LED kucokera pa tizidutswa tathyathyathya toyang'ana uku ndi uku, pamene kawaya kamawala mozungulira monse. Mphaliwali ya xenon ndi yopindika, ndipo siikhala pa malo eni-eni pamene panali kawaya. Mbale imangoponya cimene yalandira. Mzere wa dimu umasokonezeka kapena kufafanizika, kuwala kwambiri kumagwa pafupi ndi mphuno ya galimoto, kwina kumamwazikira m'mitengo ndi m'maso mwa anthu. Apa ndi pamene dalaivala amanyengedwa ndi maso ace omwe. Poona phula la pafupi layera mbee akhulupirira kuti tsopano alikuona bwino, koma diso likalandira kuwala kwambiri pafupi, kamwana ka m'diso kamacepa, ndipo cinthu ciri patali, kumene kuli ngozi, cimabvuta kuona koposa kale.

Kuwala kwa babu kumayezedwa ndi muyeso wochedwa lumen. Dimu ya H4 ipereka malumeni ngati 1,000. Babu ya xenon ya mawati 35 okha ipereka oposa 3,000. Cifukwa ca ici malamulo a bungwe la United Nations okhudza kapangidwe ka magalimoto, amene anacokera pa pangano la ku Geneva la 1958 ndipo atsatidwa ku Ulaya ndi m'maiko ena ambiri, amati nyali ya xenon yamphamvu cotere iyenera kukhala ndi makina oiweramitsa okha galimoto ikalemedwa, ndiponso cotsukira galasi, popeza pfumbi ndi matope zimamwaza kuwala. Mwini minibasi amene waika babu yotere pa galimoto yopanda zonsezi, nkuyenda nayo m'pfumbi la mwezi wa August, watenga mphamvu ya nyaliyo nasiya zonse zimene amisiri anaika zochinjiriza anthu ena.

Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iri yonse. Diso lothobwa silibwerera msanga. Limatenga masekondi angapo, ndipo kwa munthu wacikulire nthawiyo italikirapo. Masekondi 3 okha ndi mamita oposa 60 oyenda munthu asakuona kanthu, ndipo pa mtunda wotere pa Lizulu madzulo a tsiku la msika pangakhale anthu angati? Wobvulala kawiri-kawiri si mwini nyali, kapena dalaivala wothobwayo, koma wa njinga amene anali kumanzere kwace. Bungwe la World Health Organization, m'lipoti lace la 2018, linayerekeza kuti m'Malawi anthu oposa 30 mwa anthu 100,000 ali onse amafa pa ngozi za pa mseu caka ciri conse, ciwerengero cimene cinali m'gulu la zokwera kwambiri pa dziko lonse lapansi. Ngozi zimenezi ziri ndi zifukwa zambiri, ndipo nyali ndi cimodzi cabe, koma ndico cifukwa cimene munthu amacigula ndi ndalama zace ndi kuciika yekha.

Palinso cowerengera cina cimene ogulitsa mababu sacichula. Malamulo a ku South Africa afuna kuti dimu ionetse mseu mamita osacepera 45, ndi fulu mamita 100. Koma galimoto ya pa liwiro la makilomita 80, pa phula louma ndi mabuleki abwino, imafuna mamita pafupi-fupi 60 kuti iime, kuwerengera ndi sekondi imene dalaivala amataya asanaponde buleki. Ndiye kuti woyenda liwiro lotere pa dimu angathe kufika pa ngolo asanaime ngakhale waiona msanga. Palibe babu yololedwa imene ingathetse zimenezi, pakuti dimu inapangidwa dala kuti ithere pafupi. Cothetsa ndi kucepetsa moto.

M'nkhungu nyali zowala kwambiri zimamutembenukira mwini wace yemwe. Nkhungu ndi timadontho ta madzi tosawerengeka, ndipo kuwala kukatiomba kumabwerera m'maso mwa dalaivala ngati khoma loyera. Cifukwa cace nyali za nkhungu zimaikidwa m'munsi, pafupi ndi bampala. Mzere wautali wa nyali za LED umene ena amamangirira pa denga kapena pa zitsulo za kutsogolo unapangidwira m'chire ndi m'minda, kumene kulibe wokumana naye, ndipo ulibe dimu konse. Pa mtsetse wa Khwekhwerere, potsikira ku Golomoti, pamene makhota atsatana ndipo mbali ina ndi phompho, woyatsa cinthu cotere m'nkhungu wadzicititsa khungu yekha pamodzi ndi mnzace. Kuwala kopendekera ku buluu kumawawanso m'maso koposa kwacikasu, ndipo mababu ambiri a m'masitolo, olembedwa 6000K kapena kuposa pa katoni, ndi a mtundu womwewo. Nambala imeneyo ndi ya maonekedwe a kuwala, ngakhale ogula ambiri amaiyesa ya mphamvu yace.

Cimene lamulo lifuna

Lamulo lalikulu la za pa mseu m'dziko muno ndi Road Traffic Act, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1997, ndipo liri pa mutu 69:01 wa malamulo a Malawi. Pansi pace pali malamulo ang'ono-ang'ono amene Nduna imaika, onena za kapangidwe ka galimoto, zipangizo zace ndi kagwiritsidwe kace. Pamene lamuloli linali kulembedwa, xenon inali ndi zaka 6 zokha, ndipo nyali za kutsogolo za LED kunalibe pa galimoto iri yonse. Ena amatenga ici ngati pobisalira, nanena kuti cimene olemba lamulo sanacidziwe sangakhale ataciletsa. Maganizo amenewa sangamthandize munthu, pakuti malamulo a nyali ayang'ana cimene nyaliyo icita pa mseu. Cimene afuna ncodziwika kwa ali yense amene anaphunzira kuyendetsa: nyali za kutsogolo zikhale zoyaka mbali zonse ziwiri, zoyera kapena zacikasu, zofiira zikhale kumbuyo, pakhale dimu imene dalaivala ayenera kuika pokumana ndi galimoto ina, ndipo nyalizo zisathobwe ena oyenda pa mseu. Galimoto yosakwanitsa zimenezi si yoyenera kuyenda pa mseu wa onse, ngakhale babu yace itagulidwa ndi lisiti. Nyali zabuluu zothwanima ndi za apolisi, ndipo munthu wamba alibe nazo gawo.

Maiko ena anaona kuti ndi bwino kuchula mababu amenewa poyera. Ku Britain galimoto imene nyali zace za halogen zaikidwa mababu a xenon imalephera mayeso a caka ndi caka ochedwa MOT, ndipo kuyambira mu January 2021 zicitika cimodzi-modzi kwa yoikidwa mababu a LED, kupatula magalimoto akale kwambiri. Germany inatsata njira ina. Mu 2020 inaloleza babu yoyamba ya LED yolowa m'malo mwa halogen, koma itayesedwa m'nyali za mtundu uli wonse wa galimoto pa wokha, kotero kuti cilolezo ndi ca mitundu yolembedwa pa mndandanda yokha. Njira ziwirizi zisiyana, koma zigwirizana pa mfundo yakuti babu ndi nyali ziyesedwe pamodzi. Za ku Germany ziyenera kumvedwa ndi amene afuna kuti LED yense aletsedwe: iripo ina yopangidwa mosamala imene imasunga mzere wa dimu. Koma mtengo wace ndi wokwera, ndipo si imene ipezeka m'makatoni opanda dzina la woipanga m'timasitolo ta zipangizo za galimoto.

Pa cipikisheni

Lamulo lipatsa wapolisi wa pa mseu mphamvu ya kuimika galimoto, kufunsa laisensi ya dalaivala ndi mapepala a galimoto, ndi kuyang'ana ngati galimotoyo iri bwino. Dalaivala amene wakwezeredwa dzanja ayenera kuima, ndipo kuthawa ndi mlandu wina pa wokha. Wapolisi akati, "Bambo, tayatsani nyali, muike dimu," sanapitirire malire a nchito yace. Pa ici palibe mkangano, ndipo anchito a Boma, amene iwonso amadalira kuti anthu amvere malamulo a m'maofesi mwao, ayenera kukhala oyamba kuima ndi kuyankha mwaulemu.

Cobvuta ndi umboni. Tayala lakutha liri ndi maonekedwe ace, laisensi yakutha iri ndi tsiku lace, koma kuweramira kwa nyali kumayezedwa ndi makina oikidwa patsogolo pace pa malo osalala, ndipo makina otero malo ace ndi koyezera magalimoto, osati m'mphepete mwa mseu. Masana dzuwa likuswa mtengo palibe diso lingaone ngati mzere wa dimu uli m'malo. Kuyera kwa kuwala pa kokha si umboni, cifukwa magalimoto ambiri a ku Japan a zaka za posacedwa anabadwa ndi xenon kapena LED, ndipo eni ace sanalakwe kanthu. Cizindikiro ca E m'kabwalo, cimene cimadindidwa pa nyali ndi mababu obvomerezeka pansi pa malamulo a ku Geneva aja, cithandiza koma sicimaliza nkhani: nyali zina zopangidwira msika wa ku Japan ziri ndi zizindikiro zao-zao, ndipo opanga zinthu zacinyengo amadziwa kudinda E monga wina ali yense. Wapolisi wosaphunzitsidwa kusiyanitsa zimenezi angalange wosalakwa ndi kumasula wolakwa, ndipo mwa njira iyi anthu amataya cikhulupiriro pa lamulo labwino.

Malo oyenera a nkhani ya nyali ndi pa mayeso a ciphaso ca COF, cimene cimaperekedwa pansi pa ulamuliro wa Directorate of Road Traffic and Safety Services. Kumeneko galimoto iima pa simenti yosalala ndipo woyeza ali ndi mpata. Koma babu imasinthidwa m'mphindi 10, ndipo munthu wofuna kuzemba angathe kubwezera ya halogen tsiku la mayeso, nkuikanso inayo ciphaso citamatidwa pa galasi. Cifukwa cace ciphaso sicingatseke pakamwa wapolisi: cimacitira umboni za tsiku limene galimoto inayezedwa, osati za usiku uno. Njira imene ingakhutiritse mbali zonse ndi yakuti wapolisi akakayika, alembere dalaivala kuti akaonetse galimoto koyezera m'masiku owerengeka, m'malo mokangana pa mseu za cinthu cimene onse awiri sangacitsimikize. Ndipo cipikisheni ca nyali ciyenera kucitika madzulo, pamene khoma la sitolo kapena thabwa loyera lingaonetse m'mphindi imodzi ngati dimu iri ndi mzere kapena yangomwazika.

Dalaivala naye ali ndi zomuyenera. Ayenera kuuzidwa mlandu umene wapalamula ndi dzina lace, osati kungomva kuti nyali zace nzowala kwambiri. Akabvomera ndi kulipira cindapusa, alandire lisiti ya Boma, pakuti ndalama yoperekedwa popanda lisiti siifika ku thumba la dziko. Akakana, njira ndi bwalo la majisitireti, ndipo Malamulo Akulu a dziko a 1994, pa ndime 42, amuwerengera wosalakwa kufikira bwalo litapeza kuti walakwa. Cimene sayenera kucita ndi kupinda ndalama m'kati mwa mapepala. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995, limene linabala Anti-Corruption Bureau, limanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo kwa wanchito wa Boma mlandu wotere ungathetse nchito ya zaka 20 cifukwa ca babu. Amene aona kuti wapolisi wamucita nkhanza kapena cinyengo angathe kudandaula kwa mkulu wa polisi ya m'deralo, kapena ku Independent Complaints Commission imene inacokera m'lamulo la Police Act la 2010. Coipa ceni-ceni ca ciphuphu pa nkhani iyi ncakuti ndalama zikasinthana manja, galimoto imapitiriza ulendo ndi nyali zomwezo, kukakumana ndi wa njinga pa Bembeke.

Pali mbali imodzi imene siikambidwa mokwanira. Mababu amenewa amacokera kunja. Amalowa pa zipata za m'malire ndi pa mabwalo a ndege, nagulitsidwa poyera. Munthu wamba akaona katundu ali pa shelefu amaganiza kuti Boma lamlola, ndipo nkobvuta kumuimba mlandu pa kuganiza kotero. Dziko liri nalo kale bungwe loona za miyezo ya katundu, Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndiponso Malawi Revenue Authority imene iri pa zipata za m'malire, kuphatikizapo ca Dedza. Kugwira katoni imodzi pa cipata nkwapafupi koposa kusaka mababu onse a m'katonimo atabalalika m'maboma 28 a dziko lino. Ngati muyezo wa mababu ololedwa sudziwika kwa ogulitsa ndi ogula, wapolisi wa pa mseu adzakhala akutungira madzi m'dengu.

Magalimoto a Boma ndi a mabungwe, maka-maka mapikapu akulu-akulu amene nyali zace ziri m'mwamba molingana ndi maso a woyendetsa kagalimoto kakang'ono, ayenera kukhala oyamba kuyezedwa, ndipo woyang'anira magalimoto pa ofesi iri yonse angathe kucita zimenezi popanda kudikira kalata yocokera ku likulu. Mphunzitsi wa sayansi naye ali ndi phunziro lokonzeka kale, pakuti tochi wamba wa kalirole wokumbika, babu yace ikasunthidwa pang'ono, aonetsa ana pa khoma la kalasi zonse zimene zicitika m'nyali ya galimoto. Ndipo ana omwewo ndiwo ayenera kukumbutsidwa kuyenda ku dzanja lamanja la mseu, moyang'anana ndi magalimoto.

Kwa mwini galimoto amene nyali zace zafooka ziripo njira zosalimbana ndi lamulo, ndipo zambiri nzochipa koposa mababu a m'katoni. Galasi lacikasu limapalidwa ndi kupukutidwa nkuyeranso. Babu ya halogen imafooka ndi ukalamba isanapse, ndipo kusintha zonse ziwiri ndi zatsopano za mawati omwewo kumabweza kuwala. Za mawati 100 zimaocha mawaya ndi kusungunula zomangira. Mawaya odyeka ndi dzimbiri amaba mphamvu ya magetsi, ndipo makaniko wodziwa nchito amapeza zimenezi ndi kacipangizo kace koyezera. Magalimoto ambiri a ku Japan ali ndi kagudumu pafupi ndi ciongolero, kolembedwa manambala kuyambira 0, kamene eni ace ambiri sadziwa nchito yace: ndi koweramitsira nyali galimoto ikanyamula katundu kapena anthu kumbuyo.

Kuyeza mzere wa dimu sikufuna makina kwa munthu wongofuna kudziwa. Galimoto iimikidwe madzulo pa malo osalala, mamita 10 kucokera pa khoma; uyezedwe msinkhu wa pakati pa nyali kucokera pansi, ndipo msinkhu womwewo ulembedwe pa khoma ndi coko. Dimu ikayatsidwa, mzere wa kuwala uyenera kugwa masentimita ngati 10 kufikira 15 pansi pa cokoyo, ndi kukwera pang'ono ca kumanzere. Pa nyali zambiri muyezo wace unadindidwa pa pulasitiki, monga 1.0% kapena 1.2%. Mzere ukakhala pamwamba, kumbuyo kwa nyali kuli timabauti totsitsira. Pa khoma pakaoneka cimtambo coyera copanda mzere uli wonse, kutembenuza mabauti sikudzathandiza, ndipo babu imene inacotsedwa ija iyenera kufunidwa kumene inaponyedwa.